Musamupatse chakudya akakudzutsani

Amayi, mwafunsa chochita ndi mphaka wanu amene amakudzutsani usiku. Mphakayo akakudzutsani mbandakucha musamupatse chakudya ngakhale kamodzi, chifukwa kwathu vuto lonse linayambira pomwepo. Wathu ankagona bwinobwino mpaka pamene alamu anga anabwera kudzakhala nafe kwa kanthawi. Iwo sakhalitsa m'tulo, ndiye mphaka akangolira pang'ono cha m'ma 3 koloko usiku ankadzuka n'kukamuikira chakudya, ati pomumvera chisoni. Ndinawapempha mwaulemu kuti asiye, koma anandiyankha kuti nyama siyenera kugona ndi njala, chonsecho madzulo aliwonse inkadya mpaka kusiya zina m'mbale. Atachoka anatisiyira mphaka wodziwa kuti kulira kumabweretsa chakudya, ndipo mpaka lero sanavomere kuti ndiwo anamuzoloweza.

Usiku wina tinatseka chitseko cha kuchipinda, monga momwe ambiri akukulangizirani pano. Anayamba ndi kulira, kenako kukanda pansi pa chitseko, kenako kudumphira chogwirira mobwerezabwereza mpaka chitsekocho chinatseguka. Anakwera pakatebulo ka pambali pa bedi n'kukankha tambula ya madzi, madziwo n'kukhutukira pa foni yanga yomwe inali pa chaja, tambulayo n'kuswekera pansi. Ndinadzambatuka mumdima kuti ndipulumutse foni, ndipo ndinaponda galasi ndi chidendene. Magazi anali pansi ponse ndi pa zofunda, mwana anayamba kulira m'chipinda china, amuna anga akupapasa khoma kufuna poyatsira getsi, ndipo getsi litayaka tinamupeza mwiniwakeyo atakhala pa pilo yanga akudzinyambita ngati palibe chimene chachitika. Kutacha ndinapita kuntchito ndikutsimphina, maso ali psuu, foni itafa. Nditawafotokozera alamu aja, anaseka kwambiri n'kunena kuti tingokamutaya kutali. Munthu yemweyo amene ankati nyama isagone ndi njala!

Dokotala wa ziweto ndi amene anatifotokozera bwino. Mphaka amagona maola 12 mpaka 16 patsiku, ambiri mwa iwo masana pamene ife tili kuntchito, ndipo mwachibadwa amachangamuka kukamada ndi mbandakucha, nthawi imene mbewa ndi mbalame zimayendayenda. Choncho mutopetseni musanagone: mangirirani nthenga ku chingwe, athamangitse ndi kuigwira kwa mphindi 10 kapena 15, ndipo akatha mumupatse chakudya chake chachikulu cha tsikulo. Mphaka akasaka amadya, akadya amadzinyambita, kenako amagona, ndiye inu mukungoutsatira mwambo wakewo.

Akalira usiku musadzuke, musamuyankhule, ndipo musamukalipire kapena kumuwaza madzi, popeza kwa iye ngakhale kukalipiridwa ndi umboni woti wakudzutsani, pamene madziwo amangomuchititsa kukuopani. Dziwani kuti masiku oyamba amalira kuposa kale, ndipo mukagonja atalira ola lathunthu mwamuphunzitsa kuti azilira ola lathunthu. Chitseko tsekani ndithu, koma mukhome ndi kiyi, ndipo pakatebulo pasakhale chilichonse chosweka.

Komabe musanayambe kumunyalanyaza onetsetsani kuti sakudwala. Wamkazi amene sanachitidwe opaleshoni yoletsa kubereka amalira mokweza usiku akamafuna wamwamuna, ndipo zimenezi zimabwereza pakangotha masabata awiri kapena atatu, kotero palibe masewera amene angamukhazike chete. Wamwamuna wosathena naye amalira kufuna kutuluka. Ngati wanuyo wapitirira zaka 10 ndipo wangoyamba kumene khalidweli, makamaka ngati akudya kwambiri koma akuwonda kapena akumwa madzi ochuluka, akamuyeze chithokomiro, impso ndi kuthamanga kwa magazi. Amene akukulangizani kuti mumupatse mankhwala a anthu ogonetsa musawamvere, ndipo paracetamol musayerekeze n'komwe, chifukwa ngakhale pang'ono amapha mphaka.

Kunena zoona, ife kupirira kuja sitinafike nako kumapeto, chifukwa mwana ankadzuka nthawi iliyonse mphaka akalira. Tinagula kamakina kotulutsa chakudya pa nthawi imene mwakatchera, tinakaika kutali ndi chipinda chogona n'kukatchera pa 4 koloko, moti tsopano akadzuka amakadikirira pamenepo m'malo mobwera pachitseko pathu. Mukagula, sankhani kokhala ndi chivindikiro cholimba, chifukwa amphaka ena amaphunzira kulowetsa dzanja pobowola pake n'kumatulutsa chakudya okha.