Musayambire pa Elvis, ndipo samalani ndi ma CD otchipa

Achimwene, mwafunsa nyimbo zoti muyambe kumvetsera kuti mudziwe kumene rock and roll inachokera, komanso gitala yoyenera munthu wongoyamba kumene. Za gitala ndiwasiyira oimba. Ine ndiyankha za nyimbozo, chifukwa ndakhala ndikuzisonkhanitsa kwa zaka zambiri ndipo zinandidyerapo ndalama.

Amene akuyankhani kuti zonse zinayamba ndi Elvis Presley afulumira kwambiri. Nyimbo ya "That's All Right", imene iye anajambula ku Sun Records mumzinda wa Memphis mu July 1954, mwini wake anali Arthur Crudup, yemwe anaijambula mu 1946, ndipo "Hound Dog" inayamba kutuluka ndi mawu a Big Mama Thornton mu 1953, kutatsala zaka zitatu kuti Elvis aikhudze. Sindikumunyoza mnyamatayo, ankaimba ndithu, koma iye anapeza nsima itapsa kale m'nyumba za anthu akuda a kumwera kwa America.

Ambiri mwa okonda mkangano woti nyimbo yoyamba ya rock and roll ndi iti amaloza "Rocket 88" ya mu March 1951. Pa mbaleyo panalembedwa dzina la Jackie Brenston, ngakhale gulu limene linaimba linali la Ike Turner, ndipo anaijambula ndi Sam Phillips, yemwe pambuyo pake anadzayambitsa Sun Records, ku Memphis komweko, nkuitulutsa kampani ya Chess ya ku Chicago. Mukamaimvera tcherani khutu ku gitala ya Willie Kizart, imene ikulira mosasa ngati ili ndi chimfine. Nkhani imene imakambidwa ndi yakuti ampulifaya yake inawonongeka pa ulendo wochokera ku Mississippi, ndiye anaitsendera mapepala m'kati, ndipo Phillips anakonda kulira kwakeko.

Koma mukandifunsa ine, yambirani kwa mayi Sister Rosetta Tharpe. Anali woimba nyimbo zauzimu wobadwira ku Arkansas mu 1915, ndipo "Strange Things Happening Every Day", imene anajambula mu 1944, ili kale ndi kagundidwe kamene anyamata anadzatchuka nako patapita zaka khumi. Mukatero mverani "The Fat Man" ya Fats Domino, yojambulidwa ku New Orleans mu December 1949, ndipo mudzaona nokha chifukwa chake nkovuta kuloza nyimbo imodzi nkunena kuti yoyamba ndi iyi.

Tsopano chenjezo langa lalikulu. Ndili ku Johannesburg ndinagula bokosi la ma CD atatu m'sitolo ina ya zinthu zakale pa mtengo wa pafupifupi ma randi 100, ndipo ndinkayenda monyadira poganiza kuti ndatola mwayi, popeza pachikuto panali mayina onse otchuka. Nditafika kunyumba ndinaika "Tutti Frutti", koma ng'oma zake zinkamveka zosalala modabwitsa ndipo moto wa Little Richard munalibemo. Nditayang'anitsitsa kuseri kwa bokosilo ndinapeza timalemba tating'ono ngati nyerere, tonena kuti nyimbozo anachita kuzijambulanso. Oimba ambiri a nthawi imeneyo anabwerezadi nyimbo zawo atasamukira ku makampani ena. Little Richard yemweyo anatero ku Vee-Jay mu 1964, pomwe yeniyeni ndi ya ku Specialty ya mu 1955. Munthu amene akufuna kumva chiyambi cha nyimbozi akamvera zobwerezazo ndiye kuti wasokera, chifukwa chimene akuchifunacho chili mu phokoso lakale lomwelo limene anadzalichotsa.

Vuto lomweli lilinso pa YouTube ndi Spotify, choncho musanawononge bandulo yanu yang'anani chaka ndi dzina la kampani: Sun, Chess, Specialty, Imperial kapena Decca. Musazimverenso pa sipika ya foni, chifukwa besi ya nyimbozi imasowa yonse. Bwerekani ngakhale mahedifoni a mwana wanu.