Kwa mayi a ku Kamwendo amene mwana wawo akufuna kukhala selebu

Mayi, funso lanu ndaliwerenga. Mwati mtsikana wanu ali Fomu 3, akaweruka kusukulu amangofikira pa TV, usiku ndi Big Brother, masana ndi TikTok, ndipo tsopano wayamba kuyankha kuti sukulu n'kutaya nthawi poti iye adzakhala selebu. Ena m'gulu muno akuti gulitsani TV, ena akuti mulande foni. Ine ntchito yanga ndi yomanga madishi ndi kukonza madikoda kuno ku Mchinji, pa boma, Kamwendo, Kapiri mpaka Mkanda, ndiye madandaulo ngati anuwa ndimawamva m'makomo ambiri ndili pamwamba pa denga. Langizo langa ndi lakuti TV musagulitse. Tsekani chanelo imodzi yokha, zotsalazo muzionera naye, ndipo chilakolako chakecho muchipezere ntchito.

Zoletsazi anaziyesapo kale anthu amphamvu kuposa inu ndi ine. Mu 2003, Big Brother Africa yoyamba ikuonetsedwa pa TVM, chaka chimene Malawi anaimiridwa ndi Zein Dudha, aphungu a Nyumba ya Malamulo anagwirizana kuti pulogalamuyo ichotsedwe ati ikuononga chikhalidwe. Sipanapite nthawi khothi lalikulu linati ibwerere, anthu n'kuonera mpaka Cherise Makubale wa kwa aneba athu ku Zambia atapambana. Ngati Nyumba ya Malamulo inalephera, inu mukagulitsa TV mwanayo azikangoonera kwa anzake, kapena m'vidiyo sho pamsika, kumene simudzadziwa n'komwe kuti pabenchi wakhala ndi ndani.

Chotseka ndi ichi. Big Brother pa DStv amaipatsa chanelo yakeyake, 198, yoonetsa usana ndi usiku, ndipo eni akewo analemba kuti ndi ya anthu a zaka 18 kupita m'tsogolo. Mwana wa Fomu 3 alibe chifukwa choonera anthu akuluakulu ataledzera 2 koloko usiku. Tengani rimoti, lowani mu Settings, mupeze pamene palembedwa Parental Control. Ikufunsani PIN. Ngati simunaisinthepo chigulireni, ndi 1234, nambala imene mwana aliyense wa m'boma lino amaidziwa kuposa taimusi tebulo. Isintheni, ndipo musaike chaka chimene munabadwa kapena manambala omalizira a foni yanu. Mukatero mutha kutseka chaneloyo payokha, kapena kutseka zonse zopitirira msinkhu umene mwasankha. Madikoda a makampani ena nawonso ali ndi loko wotere, kungoti mayina a pa menyu amasiyana. Koma mumuuze maso ndi maso kuti mwatseka ndipo chifukwa chake n'chakuti. Akangozipeza yekha zitatsekedwa, nkhondo yake simuitha.

Ndinenepo pang'ono za ife akuluakulufe, musandikwiyire. Nyumba zambiri zimene ndimalowa, amene amandiimbira foni mothamanga siginolo ikathawa si ana ayi. Ndi amayi amene sewero la pa Zee World lawadukira pakati, ndiwo zikupserera pamoto, kapena bambo amene mpira wa ku England watsala mphindi khumi kuti uyambe. Mwana amene wakula akuona kuti 7 koloko ikakwana nyumba yonse imakhala chete chifukwa cha anthu a pa sikirini, n'zosadabwitsa kuti akufuna kukakhala mbali inayo ya galasi.

Tsono nkhani yaikulu si TV, ndi chimene mwanayo akuganiza kuti selebu ndi ndani. Iye akuona mawigi, magalimoto ndi zithunzi za pa Facebook. Ntchito yanu ndi kumuonetsa zimene anthuwo anachita asanafike pamenepo, ndipo zitsanzo musakazitenge ku Lagos kapena ku Johannesburg, zilipo konkuno. Manganya wa mu Tikuferanji, amene tinkamuseka atavala zothina, dzina lake ndi Dr Michael Usi. Seweroli linkakonzedwa ndi bungwe la ADRA kumene iye ankagwira ntchito, ndipo munthuyu anapitiriza sukulu mpaka kutenga PhD. Ndale zake tiziike pambali, koma mu June 2024 anakhala wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko. Izeki ndi Jakobo, malemu John Nyanga ndi Eric Mabedi, anayenda m'maholo a dziko lino zaka zambirimbiri akuchita zisudzo pamaso pa anthu, kumene nthabwala ikapanda kugwira umaona wekha anthu akutuluka. Code Sangala asanalowe mu Big Brother mu 2007 anali kale woimba komanso muulutsi wa pa wailesi. M'nyumba muja analowa ali ndi luso lake, ndipo atatuluka anabwerera ku luso lomwelo.

Koma chitsanzo chimene ndikufuna mumuuze bwino, poti iye ndi wa TikTok, ndi cha agogo Giddes Chalamanda a ku Chiradzulu. Anabadwa mu 1930. Nyimbo yawo ya Linny Hoo, imene anaimbanso ndi Patience Namadingo mu 2020, inazungulira dziko lonse pa TikTok, anthu mamiliyoni akuvina, ena osamva n'komwe mawu ake. Mumufunse mwana wanu mafunso awiri. Loyamba: agogowa anakhala akuimba gitala zaka zingati TikTok isanabwere? Lachiwiri: mamiliyoni onse aja anasanduka ndalama zingati m'thumba mwawo? Musamuyankhire, apite akafufuze yekha pa foni yake yomweyo. Adzapeza kuti kutchuka ndi kupeza ndalama ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndiponso kuti n'chifukwa chake kuli bungwe la COSOMA lotolera ndalama za oimba ndi olemba ntchito zawo zikagwiritsidwa ntchito.

Mumuonetsenso makomenti. Tsegulani tsamba lililonse la nkhani za maselebu pa Facebook, musankhe chithunzi cha mtsikana wotchuka, muwerenge naye zimene anthu alemba pansi pake. Amunyoza miyendo, amunyoza mano, amupatsa amuna amene sanawaonepo, atukwana mpaka mayi ake omubala. Walira mvula walira matope. Musamuopseze nazo, mungomufunsa ngati angathe kudzuka m'mawa, kuwerenga zotere, n'kukagwirabe ntchito. Ena amatha ndithu, ndipo mwina wanuyo ndi mmodzi mwa iwo, koma adziwiretu.

Ngati mwanayo alidi ndi luso, ndipo ana ambiri otere amakhala nalo, musalizimitse. Pitani kusukulu kwake mukaonane ndi aphunzitsi a Chingerezi kapena a Chichewa, mufunse ngati kuli kalabu ya zisudzo. Masukulu a sekondale amapikisana pa zisudzo za ATEM, bungwe la aphunzitsi a Chingerezi, ndipo akatswiri ambiri a zisudzo m'dziko muno anayambira m'mipikisano ya kusukulu. Kumeneko akaphunzira kuloweza mawu, kufika pa nthawi yake, kubwereza chinthu chimodzi kakhumi mpaka chikhale bwino, ndiponso kupatsidwa mbali ya wantchito wa m'nyumba pamene iye amafuna ya mfumukazi. Pakatha teremu imodzi mudzadziwa ngati akufuna ntchitoyo kapena amangofuna kujambulidwa. Kwaya ndi masewero a achinyamata kutchalitchi nazonso ndi sukulu. Tilinso ndi wailesi yathu ya Mudziwathu konkuno. Palibe cholakwika kupita naye pa holide, mukafunse ngati angaloledwe kuona mmene pulogalamu imakonzedwera. Akaona muulutsi akulemba ndi kufufuta asanatsegule maikolofoni, adzamvetsa zimene inu mwalephera kumuuza ndi pakamwa.

Apa m'pamene sukulu imalowera yokha popanda inu kukuwa. Zisudzo amaphunzitsa ku University of Malawi ku Zomba. Utolankhani ndi kuulutsa mawu amaphunzitsa ku MUBAS ku Blantyre komanso ku Malawi Institute of Journalism. Konseko pakhomo amafunsa MSCE, ndipo ku yunivesite amafuna makirediti asanu ndi imodzi kuphatikizapo Chingerezi. Joyce Mhango Chavula, amene filimu yake inapata mphoto ya Africa Magic mu 2016, ndi Shemu Joyah amene anapata yake mu 2018, ndi anthu olemba, owerenga, owerengetsera ndalama za kamera ndi mafuta a galimoto. Munthu wothawa Fomu 3 kontirakiti angaiwerenge bwanji?

Chimodzi chokha ndikupemphani muumitsepo mtima, ngakhale alire. Pali anthu amene amalemba pa Facebook ndi pa WhatsApp kuti akufuna atsikana oti akhale mu filimu kapena mu vidiyo ya nyimbo, koma ayambe atumiza ndalama ya fomu pafoni, kapena atumize zithunzi atavala mwakutimwakuti, kapena akwere minibasi akakumane nawo pa loji ku Lilongwe. Mtsikana wa zaka zimenezi amene wauzidwa kuti ndi wokongola ngati wa pa TV sachedwa kukwera minibasiyo, ndipo kuchoka pa Kamwendo kukafika mumzinda si ulendo woti mungazindikire msanga kuti wachoka. Mugwirizane naye kuti aliyense womuitana ku zoterezi alankhule ndi inu, ndipo ngati kuli kupita, mupita limodzi kapena apita ndi malume ake. Opanga mafilimu enieni saopa kholo. Woopa kholo mudziwe kuti palibe filimu.

Za foni, kulanda sikuthandiza poti abwereka ya mnzake. Chimene ndaona chikugwira m'mabanja ena n'chakuti 9 koloko ikakwana mafoni onse, ndi yanu yomwe, amakagona pa chaja m'chipinda cha makolo. Bandulo muzimugulira Lachisanu, homuweki ya sabatayo mutaiona. Ndipo tsiku lina mumupemphe akuonetseni mavidiyo amene iye amajambula. Mukhale pansi muonere mpaka kumapeto, osatsonya, osaseka pamene sipoyenera kuseka. Ngati pali imene yakusangalatsani mumuuze, ngati pali imene yavula ulemu mumuuzenso kuti aichotse inu muli pompo.

PIN ija ikakuvutani, lembani m'gulu momuno mtundu wa dikoda yanu, ndikuuzani mabatani ake mmodzimmodzi.