Funsani Dokotala: Malungo sanapezeke, nanga mwanayu watentha ndi chiyani?

Funso: Adokotala, mwana wanga wa zaka zitatu watentha thupi masiku awiri, akutsokomola, mamina ali chuchuchu. Kuchipatala anamubaya pachala n'kunena kuti alibe malungo, ndipo anangotipatsa panado. Apongozi akuti ndikagule amoxicillin kapena ndimumwetse LA amene anatsala mwezi watha. Kodi kachipangizo kaja sikananame? Ndine mayi wa ku Area 25.

Yankho: Mayi, mwachita bwino kufunsa musanatulutse ndalama. Kachipangizo kaja kamafunafuna chinthu chimodzi chokha: puloteni yomwe tizilombo ta malungo timasiya m'magazi. Kakati palibe, sikakunena kuti mwana sakudwala ayi, kangoti amene wamudwalitsa si malungo. Kutsokomola ndi mamina mwanenazo kawirikawiri ndi ntchito ya mavairasi a chimfine, ndipo amenewa LA sawadziwa, amoxicillin sawakhudza n'komwe. Amoxicillin amapha mabakiteriya. Kumumwetsa mwana pachabe kumangophunzitsa mabakiteriya a m'thupi mwake kupirira mankhwalawo, tsiku lomwe adzadwale chibayo chenicheni n'kupeza sakugwiranso ntchito. Izi zimandidetsa nkhawa kwambiri.

Nanga kutenthako kukuchokera kuti? Kukuchokera kwa mwana yemweyo. Vairasi ikalowa m'maselo a m'mphuno ndi pakhosi, maselowo amatulutsa timapuloteni totchedwa interferon. Zili ngati munthu akakuwa usiku kuti "wakuba!": anthu oyandikana nyumba amatseka zitseko, ena n'kutuluka ndi zibonga. Asilikali a m'thupi akadzuka, thupi limatentha, m'mfundo mumaphwanya, nsima siilowa. Zambiri zomwe timazitcha matenda ndi phokoso la nkhondo imeneyi.

COVID-19, yomwe inapezeka koyamba m'dziko muno kuno ku Lilongwe pa 2 April 2020, inatitsegula maso pa nkhaniyi. Tinkadabwa kuti vairasi imodzimodziyo wina imangomupatsa chimfine, mnzake n'kumugoneka pa okosijeni. M'chaka chomwecho ofufuza anapeza kuti mwa odwala omwe anafika pakayakaya, pafupifupi mmodzi mwa khumi aliwonse anali ndi chitetezo chomwe chinkalimbana ndi interferon wawo yemwe, kutanthauza kuti mfuu ija inkatsekedwa pakamwa isanamveke. Kwa ena vuto linali losiyana: asilikali anapitirira muyezo n'kuyamba kuwononga mapapo. N'chifukwa chake kafukufuku wa RECOVERY wa ku Britain anaonetsa mu June 2020 kuti dexamethasone, mankhwala akalekale oziziritsa chitetezo, anapulumutsa odwala ambiri omwe ankapumira makina. Koma chonde, ameneyu si wogula nokha. Kwa wodwala pang'ono angathe kuwonjezera mavuto.

Chomwe ine ndikuchidikira ndi mtima wonse ndi ichi. Mu 2016 ofufuza a ku Imperial College London anaonetsa kuti poona mmene majini (timalangizo tachibadwa ta m'maselo) awiri okha akugwirira ntchito m'magazi a mwana wotentha thupi, n'zotheka kusiyanitsa matenda a mabakiteriya ndi a mavairasi. M'malo mosaka kachilombo, akumvetsera mmene thupi likukuwira. Njirayi sinafike m'zipatala zathu zing'onozing'ono, ndiye pakadali pano timadalira maso, makutu ndi mayi wodziwa mwana wake.

Mumwetseni madzi ndi phala pafupipafupi, panado pa mlingo womwe anakuuzani. Koma akayamba kupuma mofulumira kapena mobanika, nthiti zikulowa mkati, akamasanza chilichonse, akakana kumwa, akachita linjirinjiri, akauma khosi kapena kulefuka osadzuka, thamangani naye ngakhale pakati pa usiku. Kutentha kukapitirira masiku atatu, bwererani akamuyezenso, malungo omwe. Apongozi muwauze mwaulemu kuti adokotala ati LA wotsala asamwedwe.

Funso: Ndinagona ndi munthu osadziteteza masabata awiri apitawo. Dzulo ndayezetsa HIV ndipo sanandipeze nako. Ndiye kuti ndapulumuka? Ndine mnyamata wa ku Kawale.

Yankho: Achimwene, musafulumire kusangalala, komanso musataye mtima. Kuyeza kwa pachala sikuona kachilombo kenikeniko, kumaona chitetezo chomwe thupi lapanga polimbana nako, ndipo chitetezocho chimatenga masabata angapo, kwa ena mpaka miyezi itatu, kuti chioneke. Masabata awiri ndi msanga. Choopsa n'chakuti munthu akangotenga kumene, m'pamene tizilombo timachuluka kwambiri m'magazi, ena amatentha thupi ngati malungo, ndipo kupatsira wina n'kosavuta. Gwiritsani ntchito kondomu, mukayezetsenso tsiku lomwe aphungu anakupatsani. Zikadzachitikanso, pitani kuchipatala pasanathe maola 72 mukalandire PEP, mankhwala othandiza kuti kachilomboko kasakhazikike m'thupi.

Pali kuyeza kwina, kwa PCR, komwe kumawerenga kachilomboko mwachindunji. Ndi komwe timayezera makanda a masabata 6 obadwa kwa amayi omwe ali ndi HIV, poti magazi awo amakhala akadali ndi chitetezo cha mayi, komanso ndi komwe kumatiuza viral load, kuchuluka kwa tizilombo m'magazi a amene akumwa ma ARV. Ndikuuzeninso chinthu chonyaditsa: kafukufuku wa HPTN 052, yemwe mabanja a ku Lilongwe ndi ku Blantyre anatenga nawo mbali, anaonetsa mu 2011 kuti kuyamba ma ARV msanga kunachepetsa kupatsirana pakati pa okondana ndi 96 peresenti. Ngakhale zotsatira zitadzabwera zina, moyo ndi banja zilipo.

Funso: Adzukulu anga analandira kale katemera wa poliyo. Bwanji alangizi a zaumoyo amabweranso ndi madontho omwewo? Ndine gogo wa ku Mtandire.

Yankho: Agogo, mu February 2022 boma linalengeza kuti mtsikana wa zaka zitatu wa konkuno ku Lilongwe wapuwala ndi poliyo, matenda omwe tinawaona komaliza mu 1992. Akatswiri atawerenga majini a kachilomboko anapeza kuti ndi ka mtundu womwe unkazungulira ku Pakistan. Poliyo amapuwalitsa pafupifupi mwana mmodzi mwa ana 200 omwe amutenga. Enawo amaoneka athanzi koma akumwaza kachilomboko kudzera m'chimbudzi. N'chifukwa chake masiku ano amatunga ngakhale madzi a m'masuweji kukawayeza, kuti kachilombo kapezeke mwana wina asanalumale. Dontho lililonse lowonjezera limalimbitsa chitetezo cha m'matumbo, ndipo kubwereza sikuvulaza mwana. Alangizi akagogoda, atulutseni adzukulu onse osakwana zaka zomwe alengeza, ngakhale amene analandira kale.