Asuweni, za mphotho ya mnyamatayo

Halo... eya, yayamba kujambula. Asuweni, akazi anga a ku Mangalande, mwaswera bwanji? Musaseke, ine ndikudikirabe, malo omanga nyumba amene agogo anatilozera aja alipobe. Pepani ndachedwa kuyankha, bandulo inandithera dzulo. Mukamva phokoso ndi mwera, wavuta kuyambira Lolemba, ku Senga Bay asodzi angokhala pamchenga, usipa wake mtengo ngati nyama.

Ndiye munafunsa chiyani paja... dikirani ndiwerengenso. Eya. Mwati kusukulu kwa mnyamata wathu kuli mwambo wa pachaka wa makadeti, ndipo iye amusankha kuti alandire mphotho ya wodziwa kuguba ndi kusamala yunifolomu. Mwati kodi zimenezi n'zofanana ndi za ku MAFCO, sukulu ya asilikali ya kuno ku Salima, kapena n'zongosangalatsa ana. Kenako mwati tsikulo muli pa shifiti. Chabwino.

Kufanana sizikufanana ayi. Makadeti a kuno ndi anthu aakuluakulu, ndevu pepeya, boma linawatenga kale, akamaliza amatuluka ali maofesala. Pa tsiku lawo lomaliza nthawi zambiri amabwera ndi Pulezidenti amene, poti ndiye mkulu wa asilikali onse, ndiye Salima yense amadziwa, apolisi mbwee mumsewu kuyambira pa Kamuzu Road. Za mwana wanuzo ndi za sukulu. Kwanuko amati Combined Cadet Force, inayamba mu 1948, ana amavala yunifolomu, amaphunzira kuguba, kuwerenga mapu, chithandizo choyamba, pa holide amapita ku kampu. Ali ndi maudindo awo, kopolo, sajeni, koma palibe amene wasaina kuti walowa usilikali. Akamaliza sukulu akhoza kukakhala namwino kapena woyendetsa basi. Amene akufunadi uofesala amakalowa ku Sandhurst, sukulu ya maofesala ya kwanuko, uko ndiye wopambana onse amamupatsa lupanga. Mwana wanu lupanga sabwera nalo kunyumba, musade nkhawa ndi makatani anu aja.

Koma inu... inu ndimakudziwani. Munthu woti munakulira kuno, mumamva malipenga m'mawa, lero mukufunsa ine kuti MAFCO n'chiyani? Iyayi. Poyamba ndinati mwina ndi mantha, mukuganiza kuti mwana akakoma nazo ndiye basi wapita. Tonse tikukumbuka Novembala 2018, anyamata athu atafera ku Congo, Chancy Chitete uja, mendulo yake ya United Nations anakalandira ndi mkazi wake ku New York chaka chotsatira, mwini wake ali m'manda. Mayi aliyense zimenezo zimamugwira m'mimba. Koma ayi, mukanakhala ndi mantha mukanaimba foni usiku womwewo muli kulira, monga munachitira pa nkhani ya njinga ija.

Iwe! Tachotsa nkhukuzo pa mpungapo! Pepani, si inu.

Ndimati chiyani... eya. Mukukumbuka chithunzi chimene chinali pabalaza pa agogo, pamwamba pa wailesi? Cha amalume... aaa, kwa inu ndi bambo aang'ono, ndimaiwala. A Sajeni. Ali kamnyamata, khosi lalitali, yunifolomu yochita kuima yokha, m'manja atanyamula kachishango kakang'ono. Ndiye pambali pawo pali mayi wina wa duku, atawagwira mkono. Mayi ameneyo anavutitsa m'banja muno! Ena ankati ndi apongozi a ku Karonga amene amalume anabisa. Azakhali aja ankati ndi sing'anga amene anawatemera mphini kuti chipolopolo chisawalowe. Akazi a amalumewo akakwiya ankachitembenuza kuyang'anitsa kukhoma, mukukumbuka? Amalume osayankha kanthu, kumangopukuta jombo.

Jombo zimenezo abale. Kiwi, kansalu, malovu, ndi kandulo pambali. Lamulungu lonse masana. Munthu atapuma ntchito kalekale, kopita nazo kulibe, koma ankapukuta mpaka umadziona mano. Ndipo ife ankatigubitsa popita ku mjigo, zidebe kumutu, kumanzere, kumanja. Inu munali mbuli yeniyeni, mumaponya mwendo ndi dzanja la mbali imodzi ngati bakha. Ndiye ndikudabwa kuti mwana ameneyu kuguba wakutengera kuti. Kwa inu ayi. Kwa bambo ake... eee, tisiye.

Tsono chaka chimene shuga anawavuta chija, ine ndi amene ndinkawakweza panjinga kupita nawo kuchipatala. Tsiku lina tili pamzere, kuyambira mbandakucha, anangoyamba okha. Anati, iwe, mayi wa pachithunzi uja ukumudziwa? Ndinati ayi. Anati inenso dzina lake sindikulidziwa.

Akuti linali tsiku lawo lomaliza maphunziro, nthawi imeneyo malowo ankati Kamuzu Military College. Iwo ndi amene anapambana pa kuguba m'gulu lawo lonse. Kalata yoitana makolo anatumiza kukadali mwezi wathunthu... kapena masabata atatu, kaya, koma inafika, ndipo inawerengedwa. Agogo aamuna anati, kuguba n'chiyani? Mpunga wacha kudambo, mbalame zikutha, tikasiye chakudya cha chaka chonse chifukwa chokaonera munthu akuponda pansi? Agogo aakazi anafuna kupita, anachapa ndi chilundu chomwe, koma mukudziwa mmene nyumba ija inkayendera. Ndipo asuweni, kuchokera ku Khombedza kufika kumeneko si ulendo wogona panjira. Munthu umapita n'kubwerako dzuwa likadalipo.

Ndiye perete watha, dzina lawo laitanidwa, achita sawasha, alandira kachishango kaja. Atawamasula, aliyense kuthamangira kwa abale ake, nthungululu, mitanga ya zakudya kutsegulidwa pansi pa mitengo. Iwo anazungulira bwalo lonse kawiri. Akuti ankayang'ana maduku, lililonse lofiira ankati ndi amayi. Kenako anakaima pambali, kumanamizira kukonza lamba.

Mayi uja anali mayi wa mnzawo, wochokera ku Chitipa. Anayenda masiku awiri, mwinanso atatu, misewu ya nthawi imeneyo. Chichewa chake chinali chothyokathyoka. Anangowaona ataima okha, n'kubwera, n'kuwagwira mkono, kuwakokera pamphasa pawo. Anawapatsa nthochi zophika ndi mtedza. Wojambula atafika, mayiyo anajambulitsa ndi mwana wake, kenako anamasula mfundo ya pansalu, n'kulipiranso china, chojambulitsa ndi amalume. Basi. Sanaonanenso.

Munthu ameneyu anapita ku Mozambique kukalondera njanji ya ku Nacala nkhondo ili mkati. Mu Disembala 1993, pa Operation Bwezani, asilikali akulanda zida a Payoniya, analipo. Zonsezo ukawafunsa ankangoti zinapita. Koma ya mtedzayi, pamzere wa chipatala, anthu akuona, bambo wa imvi misozi chuchuchu. Ine manyazi, kusowa poyang'ana. Ndipo chithunzicho anachipachika dala pabalaza pa agogo, osati kwawo. Zaka zonse zija agogo aamuna ankamvera nkhani pawailesi mayi uja akuwayang'ana.

Ndiye... eee. Asuweni, inu mukufuna ine ndinene kuti ndi zazing'ono, n'zongosangalatsa ana, kuti mupite ku shifiti mtima uli m'malo. Ndi zimene mwafunsa. Sindinena. Pitani ku mwamboko.

Ndikudziwa, ndikudziwa, musayambe kulemba, ndikuona pamwambapa kuti mukulemba. Shifiti imeneyo ndi imene ikulipira lendi, ndi imene inagula malata a nyumba ya amayi anu, ngakhale feteleza wanga wa chaka chatha... eya, ndibweza, sindinaiwale, gulu lonse lamva. Nkhalamba mukuzisamalazo sizingadzisambitse zokha. Agogo aamunanso sankanama, mbalame zinkadyadi mpunga. Koma mwanayo mwati wakhala akusita yekha yunifolomu chaka chonse, inu muli ku ntchito usiku. Ndiye aphunzitsi amuona. Akamuitana dzina adzatembenuka kuyang'ana m'mipando, amatero onse, ngakhale amene amati amayi musabwere mudzandichititsa manyazi. Makamaka amenewo.

Sinthanani ndi mnzanu wa ku Zimbabwe uja, munamugwirira pa Khirisimasi, ali nanu ngongole. Akakana, auzeni mabwana anu lero lomwe, kukadali nthawi, osati kudikira dzulo lake monga mumachitira ndi matikiti. Ndalama ya tsikulo ikaduka, mwezi uno kumudzi kuno musatumize, tidya mbatata, sitifa. Achimwene aakulu, ndikudziwa mukumvetsera muli chete, mwamva? Mwezi uno foni ya asuweni isalire.

Ndipo muvale chitenje, chija chobiriwira. Nthungululu muimbe ndithu, Azungu adzazolowera. Kungoti musathamangire kutsogolo kukamufupa ndalama pachipumi, kumeneko mwina adzakutulutsani.

Kachishango ka amalume kali ndi ine, m'sutikesi muja, ndinakatenga anthu asanayambe kukanganirana mipando. Kachita dzimbiri pang'ono. Ndikajambula mawa kukawala, mumuonetse mnyamatayo, mumuuze kuti mwendo umenewo ndi wa kwathu. Za mayi wa duku musamuuze kaye, ndidzamuuza ndekha akadzabwera.

Batire yafiira. Ndiye tamvana, shifiti isinthidwe, inu mukakhale pampando umenewo, kutsogolo ngati n'kotheka, poti ndinu aafupi. Pa chithunzi ndikufuna kuona nkhope yanu, osati ya mayi wa mwana wina. Mutumize pagulu pano, chopepuka, osati vidiyo ya mphindi 20, bandulo yake ndilibe.