Mafunso ndi Mayankho: Ndigule makina otani oyendetsera mafoni a pa loji?

FUNSO: Akonzi, ndimayang'anira malo ogona alendo ku Senga Bay m'boma la Salima. Tili ndi zipinda 14, khitchini, bala ndi polandirira alendo, ndipo bokosi lakale limene linkalumikiza mafoni onsewa linapsa ndi mphezi dzinja lathali. Mphwanga amene akuphunzira za makompyuta ku Lilongwe akuti ntchito ya bokosilo ikhoza kugwiridwa ndi pulogalamu yotchedwa Asterisk, ndipo akufuna tiiike pa kompyuta ya Windows ya mu ofesi, pamene mnzake akuti tigule kakompyuta kakang'ono kotchedwa Raspberry Pi. Ndalama ndi za abwana anga, ndiye sindikufuna kugula kawiri. Ndimvere uti? Woyang'anira loji, Senga Bay.

YANKHO: Zikomo bambo polemba. Mphwanuyo sananame pa mfundo yaikulu, pakuti Asterisk, imene Mark Spencer anayamba kuilemba mu 1999, imagwiradi ntchito yonse ya bokosi lija ndipo ndi yaulere. Pamene waphonya ndi pa Windows. Asterisk inapangidwira Linux, pulogalamu ina yoyendetsa kompyuta m'malo mwa Windows, ndipo ngakhale alipo mapulogalamu ena a mafoni amene amayenda pa Windows, monga 3CX, kompyuta ya mu ofesi si malo ake, chifukwa ndi yomweyo imene aliyense amalowetsamo fulashi yake, imene imadziyambitsanso yokha ikalandira zosintha, ndiponso imene kalaliki amaithimitsa akamaweruka. Ikazima, mlendo amene wadwala pakati pa usiku sangathe kuitana ngakhale mlonda. Mafoni apatseni kompyuta yawoyawo imene munthu saigwiragwira.

Pa kompyutayo ine ndingaike mtundu wa Linux wotchedwa Debian 12 pamodzi ndi FreePBX 17. FreePBX ndi pulogalamu imene imavala pamwamba pa Asterisk kuti munthu azitha kuwonjezera nambala ya chipinda kapena kusintha kumene foni ikulirira pongodina pa tsamba, osalemba malamulo ovuta. Kampani ya Sangoma, imene imaisamalira, inatulutsa mtundu wa 17 mu 2024 ndipo inaukonzera Debian 12, choncho musathamangire Debian wina chifukwa chongomva kuti ndi watsopano. Mphwanuyo achenjerenso ndi malangizo akale amene adzaza pa intaneti onena za mtundu wina wa Linux wotchedwa CentOS 7, popeza imeneyo inasiya kulandira zokonza za chitetezo pa 30 June 2024. Ubuntu, imenenso ndi mtundu wa Linux, ilibe vuto kwa munthu wodziwa kuyendetsa Asterisk payokha, koma dzifunseni kuti tsiku limene mphwanuyo adzakhale pa mayeso ku Lilongwe, adzakhale pa mpando kukonza zinthu ndani. Ngati yankho ndi inuyo, sankhani njira ya tsamba lodina.

Kunena za makinawo, ogulitsa ena adzakulozerani seva yaikulu yokwera mtengo, koma mafoni 17 kapena 18, amene kawirikawiri olankhula nthawi imodzi sapitirira anayi kapena asanu, ndi ntchito yopepuka kwambiri. Kakompyuta kakang'ono ka Intel kapena AMD, ka RAM ya 4 GB ndi SSD yaing'ono, kakukwanirani mpaka kutsala. Ndingakonde kakhale kopanda fani, chifukwa fani imakoka fumbi ndi chinyezi cha kunyanja, ndipo ikaima m'mwezi wa Okutobala, Salima atatentha monga mukumudziwira, makinawo amazima okha. Kaikeni pa shelefu yapamwamba podutsa mphepo, osati m'kabati yotseka mmene mphemvu ndi nyerere zimakonda kufunda.

Raspberry Pi mphamvu ili nazo zokwanira, koma ndikukaikira pa zifukwa ziwiri. Imasunga zonse pa kakhadi ka SD, kamene sikachedwa kuwonongeka magetsi akazima iko kali mkati molemba, ndipo njira yovomerezeka yoikira FreePBX 17 inakonzedwera makompyuta a Intel ndi AMD. Ndi chida chabwino chophunzirira, ndipo mphwanuyo akachifuna agule cha m'thumba mwake.

Ndalama zenizeni zipite ku magetsi. Kakompyuta kaja kamadya mawati 10 mpaka 15, ndipo mukaphatikiza zipangizo zina zonse za mafoni mukhoza kufika cha m'ma 70. Batire ya mavoti 12 ya 100Ah imasunga mphamvu yokwana mawati 1,200 kwa ola limodzi, koma ikakhala ya mtovu simuyenera kuimwa kupitirira theka, kutanthauza kuti ikusungirani mafoni kwa maola pafupifupi 8, inveta ikatengako gawo lake acheperako pang'ono. Ngati muli kale ndi sola, lumikizani mafoniwo kumeneko, koma pa chingwe chosiyana ndi cha mafiriji a ku bala. Pali kanthu kamodzi kamene ambiri amaiwala: mu BIOS ya kompyutayo, tsamba la makonzedwe limene mumalitsegula kompyuta ikangoyaka, muli posankha kuti izidziyatsa yokha magetsi akabwerera. Popanda kutero, batire ikatha usiku, mafoni amakhala zii mpaka wina atakumbukira kukadina batani.

Mafoni akale a m'zipinda musawataye msanga. Ngati iwo ndi mawaya awo anapulumuka mphezi ija, gulani kabokosi kotchedwa FXS gateway ka mabowo 16 kapena 24, kamene kamawalumikiza ku Asterisk popanda kukumba ngalande zatsopano. Mafoni a IP amafuna chingwe cha netiweki kufika m'chipinda chilichonse, chosapitirira mamita 100, ndi switch ya PoE yowapatsa magetsi, ndipo ine ndingawagulire polandirira alendo ndi mu ofesi basi. Mawaya odutsa pabwalo kuchoka nyumba ina kupita ina ndiwo njira ya mphezi, ndiye aikireni zotetezera ndipo muitane wamagetsi ayeze ngati waya wopita pansi ali bwino, apo ayi dzinja likudzali mudzalembanso kalata yomweyi.

Kuimbirana m'kati mwa loji sikudya bandulo kapena mayunitsi. Kuti muziimba kunja, GSM gateway yolowa masimu khadi awiri, ya TNM ndi ya Airtel, ndi njira imene ingakuthandizeni, koma yambani mwafunsa makampaniwo ndi bungwe la MACRA zimene malamulo amalola pa kagwiritsidwe ka chipangizo chotere. Khomo la pa netiweki la nambala 5060, limene mafoni amalumikizirana ndi Asterisk, musalitsekulire intaneti popanda chifukwa, pakuti pali akuba amene amasakasaka makina a mafoni okhala ndi mapasiwedi ofooka n'kumaimbira kunja kwa dziko usiku wonse pa ndalama zanu. Zonse zikayamba kuyenda, mphwanuyo akopere makonzedwe a FreePBX pa fulashi, alembe mapasiwedi pa pepala, ndipo ziwirizi muzipereke kwa abwana anu azisunge mphwanuyo asanakwere minibasi yobwerera ku Lilongwe.