Kodi n'zoona kuti akufuna kupachika malonda kumwamba?

Bambo wina wa ku Mchinji wanditumizira imelo. Akuti anamva zoti makampani ena akufuna kuika zithunzi ndi zikwangwani za malonda m'mlengalenga, zoti tiziziona usiku tili pansi pompano. Akufunsa ngati n'zotheka, komanso kuti amaloleza zimenezi ndani.

Bambo, n'zotheka ndithu, ndipo ena anayesapo kale.

Chinthu chozungulira dziko sichifuna nyali kuti chioneke. Dzuwa likalowa kwa ife, icho pokhala pamwamba makilomita mazana angapo chimakhala chikuwombedwabe ndi dzuwalo, ndiye chikakhala chonyezimira chimabweza kuwalako pansi. N'chifukwa chake zoterezi zimaoneka bwino kukangoda kumene kapena m'bandakucha.

Mu Januwale 2018 kampani ya Rocket Lab inaulutsa kuchokera ku New Zealand mpira wonyezimira wotchedwa Humanity Star, waukulu pafupifupi mita imodzi. Mkulu wa kampaniyo, Peter Beck, ankafuna kuti anthu a mitundu yonse akauona azikumbukira kuti tikukhala pa dziko limodzi. Maganizo abwino, koma analengeza mpirawo utafika kale kumwamba, ndipo akatswiri ambiri a zakuthambo zinawanyansa. Unayenera kukhala miyezi isanu ndi inayi, koma pofika Malichi unali utagwa n'kupsera mumpweya.

Disembala wa chaka chomwecho, mmisiri wa zaluso Trevor Paglen, mothandizana ndi Nevada Museum of Art, anatumiza Orbital Reflector pa roketi ya SpaceX. Inali baluni yonyezimira yomwe inayenera kufufuma ikafika kumwamba. Inakwera pamodzi ndi masetilaiti ena oposa 60, ndipo panafunika kudikira kuti adziwe kuti yawo ndi iti asanaifufumitse. Mwatsoka, maofesi a boma la America anatseka kwa masiku 35 chifukwa cha mkangano wa bajeti. Mmene ankatsegula, kulumikizana ndi setilaitiyo kunali kutaduka. Baluniyo sinafufume.

Kumbali ya malonda enieni, mu 1993 kampani ya ku America ya Space Marketing inakonza zoulutsa chikwangwani chachikulu chooneka ndi maso. Anthu anakana kwamtuwagalu, ndipo mu 2000 dzikolo linaika lamulo loletsa kupereka chilolezo choulutsira malonda otere. Mu 2019 kampani ya ku Russia ya StartRocket inabwera ndi nzeru yondandalika timasetilaiti tambiri kuti tizilemba mawu kumwamba. Dzina la kampani ya zakumwa ya PepsiCo linamveka pa nkhaniyi, koma iwo anafulumira kunena kuti sapitiriza.

Funso lanu lachiwiri ndi lomwe limandivutitsa mtima. Pangano la mayiko la mu 1967 limati palibe dziko lomwe linganene kuti mlengalenga ndi mwake, ndipo dziko lililonse liziyang'anira zochita za makampani ake. Choncho chilolezo chimachokera ku boma limodzi, pomwe chinthucho chimadutsa pamwamba pa tonse. Lamulo la America lija limagwira okhawo opempha chilolezo ku America. Inu a ku Mchinji palibe adzakufunseni.

Ine zimenezi ndimakana, ngakhale zitakhala zaluso zokongola bwanji. Wailesi ikachulutsa malonda mumaitseka, koma thambo simungalitseke. Kumidzi kwathu komwe magetsi sanafike, mwana amaonabe mlalang'amba wonse, ndipo wolawirira kumunda amadziwa nthawi poona nthanda. Anzathu a m'mizinda ikuluikulu anataya kale zimenezi chifukwa cha kuwala kwa magetsi, ndiye n'zosavuta kwa iwo kuganiza kuti kumwambako ndi malo ongokhala opanda ntchito. Palinso akatswiri ngati a ku Sutherland ku South Africa, omwe amafufuza kuwala kofooka kwambiri kwa nyenyezi zakutali. Chonyezimira chikadutsa chimasiya mzere pa chithunzi chawo.

Mwina mungafunse za Starlink, intaneti yodzera pa masetilaiti, yomwe inafika kuno mu 2023. Masetilaiti ake nawonso amaoneka, makamaka akangoulutsidwa kumene, atandondozana mumzere, ndipo akatswiriwo akhala akudandaula nawo chiyambire 2019. Komabe pamenepo pali choti n'kukambirana, poti sukulu kapena chipatala cha kutali chingapeze intaneti. Chikwangwani cha chakumwa chilibe chotere choti chitipatse. Pakadali pano palibe malonda ooneka ndi maso omwe akuzungulira dziko, koma mtengo woulutsira zinthu ukunka nutsika, ndipo lamulo lomanga mayiko onse pa nkhaniyi kulibe.