Azakhali muuzeni apite kukhotiko, asabisale

Eee azakhali mwaswera bwanji kumeneko, pepani ndachedwa kuyankha netiweki imavuta kuno chim'mawire. Voisi yanu ija ndaimva, kuti msuweni wanga walandira samani ya kukhoti la majisitireti pa nkhani ya feteleza uja anatenga pangongole, ndiye akuti sapitako poti anabweza kale ndi matumba a chimanga, komanso akuopa kuti akangofika amutsekera. Mwafunsa kuti atangokhala osapita chingachitike n'chani.

Chonde azakhali muuzeni apite, ndikupempha ndithu. Samaniyo si unyolo ayi, ndi khoti likumuitana kuti bwera udzanene mbali yako tisanagamule, chimodzimodzi kubwalo kwa amfumu, inu munaonapo amfumu akugamula atangomva wodandaula yekha? Amati kamuitaneni winayo kaye. Komanso uwu si mlandu wa apolisi, ndi wa anthu awiri akukanganirana ngongole, zija za kutsekera ndi nkhani ina, ndipo ngakhale kumeneko malamulo aakulu a dziko lino a 1994 pa gawo 42 amati munthu akamangidwa akaonekere kukhoti pasanathe maola 48 ndipo amatengedwa wosalakwa mpaka umboni utapezeka. Gawo 41 ndi limene limati aliyense ali ndi ufulu wopita kukhoti nkhani yake ikamveke. Koma ufuluwo sungamutsatire kumunda, akuyenera kukaima yekha pamenepo.

Akapanda kupita majisitireti akhoza kumva wodandaula yekhayo n'kugamula iye kulibe. Ine ndinaona ndi maso anga kuno, mayi wina woyandikana nafe wogulitsa tomato analandira samani n'kuisomeka kudenga, amvekere ndilibe nthawi ya zimenezo, papita miyezi masherifu anabwera ndi galimoto ananyamula sofa, njinga ya amuna ake, mpaka mashini osokera, ana akulira pakhonde, chonsecho mayiyu theka la ngongole anali atabweza kale ndipo kabuku kolembamo kanalipo m'nyumba momwemo koma panalibe amene anakaonetsa kukhoti. Mpaka pano zimandiwawa. Mlandu suwola azakhali.

Ndiye akamapita asapite chimanjamanja. Amene anakweza matumba aja pangolo, amene anawerengera nawo, amenewo ndi mboni apite nawo. Ngati panali kapepala kosainirana atenge, ngati ina anatumiza pa Airtel Money kaya Mpamba mamesejiwo asafufute olo imodzi. Chizungu asaope, alankhule Chichewa chomwechi, pamene sanamve anene kuti bwana sindinamve mundibwerezere, amatanthauzira, palibe amene angamuthamangitse chifukwa cha zimenezo.

Pali china chimene anthu ambiri amaphonya, ndipo apa amvetsetse bwino. Wodandaula akamaliza kulankhula majisitireti amafunsa kuti uli ndi mafunso kwa mboniyi? Anthu pamenepo amayamba kufotokoza nkhani yawo yonse mokalipa, akawaletsa amaona ngati akuwapondereza, chonsecho nthawi yofotokoza ikubwera. Imeneyo ndi nthawi ya mafunso basi. Amufunse kuti kodi matumba aja sindinabweretse pakhomo panu? Analandira ndani? Munalemba pati? Chimene akuchikana achifunse pomwepo, chifukwa akangokhala duu zimaoneka ngati wavomera. Kenako nthawi yake ikafika afotokoze mofatsa, osatukwana, osalozana chala.

Tsikulo likagundana ndi maliro kaya matenda asangosowa, adziwitse akalaliki a kukhoti nthawi ikadalipo apemphe tsiku lina. Ndipo zikagamulidwa mosamukomera atamvedwa, njira ya apilo ku High Court ilipo, kungoti ili ndi masiku ake ndiye osazengereza. Za loya musadandaule kwambiri, kukhoti la majisitireti anthu ambiri amadziyankhulira okha, komabe a Legal Aid Bureau alipo a boma, amathandiza anthu amene sangakwanitse kulipira loya, ku Zomba, Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu maofesi alipo, akhoza kukafunsa malangizo asanakaonekere.

Mundijambulire samaniyo mbali zonse ziwiri mutumize pagulu pano ndione tsiku lake ndi zimene alembapo, mwina pali poti ayankhe tsikulo lisanafike. Ya transipoti yake ndi mboni nditumiza ine mawa, ndipo mumuuze andiimbire madzulo ano tikonzere limodzi mafunso aja. Mupereke moni kwa agogo.